Kuyeza G6PD magazi ali mkati mosweka: nkhani ya bambo amene zotsatira zawo zinati ali bwino

Wodwala anali bambo wa zaka 34 amene anayamba kumwa ma ARV miyezi iwiri asanafike kwa ife. Chitetezo chawo chinali chotsika, CD4 ili pa 96, choncho kumene ankalandirira mankhwala anawayambitsanso Bactrim kuti awateteze ku chibayo cha Pneumocystis. Bactrim sanawayanje. Anatuluka zidzolo thupi lonse ndi zilonda m'kamwa, ndipo anauzidwa kuti asadzamwenso. M'malo mwake anapatsidwa dapsone, 100 mg tsiku lililonse, monga malangizo amanenera. Tsiku limene anayamba dapsone hemogulobini yawo, chinthu cha m'maselo ofiira chimene chimanyamula okosijeni, inali 12.6 g/dL. G6PD, enzaimu imene imateteza maselo ofiira a magazi kuti asasweke, sinayezedwe, monga zimakhalira kulikonse kumene zipangizo zake kulibe.

Anafika kwa ife pa tsiku lachisanu ndi chitatu chiyambireni mankhwala atsopanowo, atawagwirira akazi awo. Bambowa ankalankhula mawu awiri atatu n'kupumira, ndiye amene anafotokoza zambiri ndi mayiwo. Anati: "Adokotala, mkodzo wawo unasintha tsiku lachitatu lomwe. Ukutuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Timati mwina ndi mankhwalawa akutsuka m'thupi, koma dzulo anagwa ndi chizungulire." Bambowa anawonjezera kuti msana ukuwawa cham'munsi, m'mimba mukupota, ndipo akangoyenda pang'ono akuchita befu.

Powayeza tinapeza maso achikasu, zikhatho zoyereratu, milomo ndi zikhadabo zoderako. Mtima unkagunda ka 118 pa mphindi, thupi litatentha pang'ono, 37.8. M'chifuwa munkamveka bwinobwino. Koma kachipangizo ka pa chala kankasonyeza okosijeni 87 peresenti, ndipo titawaika pa mpweya nambalayo sinasunthe. Chimenechi tinachisunga m'mutu, chifukwa chinadzakhala pakati penipeni pa nkhaniyi.

Zimene tinaganizira poyamba

Munthu wa maso achikasu, mkodzo wakuda ndi magazi ochepa, aliyense wa ife amayamba waganiza za malungo, ndipo nkoyenera kutero. Kuyeza kwachangu sikunapeze kanthu, pagalasi tinayang'ana kawiri pa nthawi zosiyana osaona tizilombo. Tinaganiziranso chiwindi, poti anali pa mankhwala angapo, koma ALT, imene imakwera chiwindi chikawonongeka, inali pafupi ndi mlingo wake, ndipo bilirubini (chinthu chochititsa chikasu) imene inakwera ndi ija imene sinadutse m'chiwindi. Zidovudine, amene amatsitsa magazi, sanali m'gulu la ma ARV awo. Panalibe chizindikiro chakuti akutaya magazi m'matumbo.

Hemogulobini inabwera 6.4 g/dL. Theka la magazi awo linapita m'sabata imodzi. LDH, imene imakwera maselo akamasweka, inali pamwamba kwambiri, creatinine, yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, itakwera pang'ono, maselo ofiira aang'ono ongotuluka kumene m'mafuta a m'mafupa, ma reticulocyte, ali pa 11 peresenti. Mayeso a Coombs sanasonyeze kanthu, kutanthauza kuti si chitetezo cha thupi chimene chinkaphwanya maselowo. Mkodzo ndiwo unatiuza zambiri. Kapepala koviika kanasonyeza magazi ochuluka, koma atauzunguza mu makina n'kuuyang'ana pa maikulosikopu, munalibe maselo ofiira, ndipo madzi a pamwamba anakhalabe akuda. Imeneyo ndi hemogulobini yotayika kuchokera m'maselo amene aswekera m'mitsempha momwemo.

Mnzathu wa mu labu anandiitana kuti ndidzadzionere ndekha pagalasi. Pakati pa maselo abwino panali ena ooneka ngati alumidwa m'mbali, kachigawo kozungulira katachoka. Ena hemogulobini yonse inali itakankhikira mbali imodzi, mbali inayo kwangotsala kachikopa kopanda kanthu. Atapaka galasi lina ndi utoto wa crystal violet, tinaona timadontho tomatirira ku khoma la selo, amene timawatcha Heinz bodies. Zinthu zitatuzi zikaonekera pamodzi mwa munthu amene wangoyamba dapsone, funso limatsala limodzi: kodi enzaimu ya G6PD ilimo yokwanira m'maselo ake?

Chifukwa chake enzaimu imodzi ili ndi mphamvu chonchi

Selo lofiira likakhwima lilibe nyukiliyasi kapena mitochondria. Silingapange mapuloteni atsopano. Zimene linatenga potuluka m'mafupa ndi zomwezo zimene lidzagwiritse ntchito masiku ake onse, pafupifupi 120. Tsiku ndi tsiku limanyamula okosijeni, ndipo okosijeni yemweyo pamodzi ndi mankhwala ena amatulutsa zinthu zowononga hemogulobini ndi khoma la selo. Chodzitetezera chake ndi glutathione, amene amafuna chinthu china chotchedwa NADPH kuti abwerere mwakale akagwira ntchito, ndipo m'selo lofiira njira yopangira NADPH ndi imodzi yokha, yoyambira pa G6PD. Enzaimuyi ikachepa, munthu amakhala bwinobwino zaka zambiri osadziwa kanthu, mpaka tsiku limene adzakumane ndi mankhwala kapena matenda amene akufuna chitetezo choposa chimene maselo ake ali nacho.

Vutoli linadziwika mu 1956 ku Chicago, pamene gulu la Alf Alving linkafufuza chifukwa chimene mankhwala a malungo a primaquine ankaphwanyira magazi a anthu ena koma ena ayi. Lero akuti anthu pafupifupi 400 miliyoni pa dziko lonse ali nalo, makamaka ku Africa, m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Middle East ndi ku Asia, madera amene malungo akhala akuvuta kuyambira kale. Za dapsone tinaphunzira mowawa: mankhwala a malungo ophatikiza chlorproguanil ndi dapsone, otchedwa Lapdap, anachotsedwa pa msika mu 2008 chifukwa cha kusweka kwa magazi mwa odwala amene G6PD yawo inali yochepa.

Dontho limene linawala

Tinatenga magazi oyezera G6PD tisanawathire magazi a munthu wina. Zimenezi ndi zofunika kuzikumbukira pakati pa chipwirikiti, chifukwa maselo a wopereka magazi amabwera ndi enzaimu yawo. Mayeso amene tinali nawo pafupi ndi aja a dontho lowala amene Ernest Beutler anawayambitsa mu 1966. Magazi amasakanizidwa ndi mankhwala oyezera, kadontho n'kuikidwa pa pepala losefera, kakauma n'kukayang'ana m'chipinda chamdima pansi pa nyali ya ultraviolet. Ngati enzaimu yagwira ntchito n'kupanga NADPH, dontho limawala. Ngati ndi yochepa kwambiri, limakhala lakuda.

Dontho la bambowa linawala. Pa pepala la zotsatira analemba kuti G6PD ili bwino.

Zotsatirazi zinafika madzulo, pa nthawi imene tinali titatsimikiza kale vuto lachiwiri. Magazi a mu mtsempha wa pamkono anasonyeza kuti okosijeni wosungunuka m'magazi ndi wochuluka, pamene kachipangizo ka pa chala kanakakamira pa 87. Tinadontheza magazi awo pa pepala loyera pambali pa dontho la munthu wabwinobwino. La mnzathuyo linafiira litakhudzana ndi mpweya, la wodwala linakhalabe lofiirira modera. Imeneyi ndi methemogulobini, hemogulobini imene ayironi yake yasintha moti singanyamule okosijeni, ndipo dapsone amadziwika nayo bwino. Ndiye kuti pa 6.4 imene inatsala ija, gawo lina silinkagwira n'komwe ntchito.

Mankhwala odziwika a methemogulobini ndi methylene blue, ndipo tinali naye m'kabati. Mnzathu amene ankalowa ntchito ya usiku anafunsa funso lomveka: wodwala akubanika, mankhwala alipo, labu yanena kuti G6PD ili bwino, tikudikira chiyani? Sindikuona kuti anaganiza molakwa. Anawerenga pepala monga linalembedwera, ndipo ambiri a ife tinaphunzitsidwa kukhulupirira pepala la labu kuposa maganizo athu.

Tinakhala pansi n'kukambirana, ndipo mfundo zimene zinatiletsa ndi izi. Pa mtundu wa vutoli umene umapezeka kwambiri mwa anthu ochokera ku Africa, wotchedwa A−, enzaimu imapangidwa ndithu, koma siikhalitsa. Selo laling'ono limakhala nayo pafupifupi yokwanira, ikumatha msanga selolo likamakula. Dapsone akalowa, amene amayamba kusweka ndi maselo okalamba, amene enzaimu inawathera. Pofika tsiku lachisanu ndi chitatu, maselo amene akanaulula vutoli anali atatuluka kale mu mkodzo. M'botolo limene tinatumiza ku labu munatsala opulumuka okhaokha: maselo aang'ono ndi ma reticulocyte 11 pa 100 aliwonse, onse odzaza ndi enzaimu yatsopano. Mayeso a dontho amangosiyanitsa amene enzaimu yawo ili pansi pa 30 peresenti ya mlingo wabwinobwino kapena chapompo ndi amene ali pamwamba pake. Kudutsa mzere umenewo pa tsiku ngati limeneli si chinthu chovuta. Labu sinaname. Inayeza molondola maselo amene inapatsidwa, koma maselowo sanali oimira magazi a bambowa a masiku onse.

Tsono methylene blue payekha sagwira ntchito. Amafuna NADPH yomweyo kuti asinthike n'kukhala chinthu chobwezeretsa hemogulobini mwakale. Mwa munthu amene G6PD yake ndi yochepa, mankhwalawa akhoza kulephera kuthandiza, komanso akhoza kuwonjezera kusweka kwa maselo. Tinadzifunsa kuti tikalakwitsa mbali iti tidzataya zambiri. Tikapanda kupereka kwa munthu amene enzaimu yake ilidi bwino, achira mochedwerapo, koma njira zina zomuthandizira zilipo. Tikapereka kwa munthu amene enzaimu yake ndi yochepa, hemogulobini ili pa 6.4 ndipo impso zayamba kale kudandaula, tikhoza kumutaya usiku womwewo. Tinalemba mu fayilo ndi zilembo zikuluzikulu kuti wodwalayu atengedwe ngati wa G6PD yochepa mpaka adzayezedwenso, ndipo methylene blue asaperekedwe.

Chithandizo

Dapsone tinali titamuimitsa kale pa khomo pomwe. Usiku umenewo tinawathira magazi mabotolo awiri, pang'onopang'ono, tikuyang'anira mtima ndi mapapo. Kuthira magazi kunathandiza mavuto onse awiri nthawi imodzi, chifukwa maselo atsopanowo anabwera ndi hemogulobini yonyamula okosijeni komanso enzaimu yawo yokwanira. Mpweya tinaupitiriza. Tinawapatsa vitamini C pa mlingo wapakatikati, podziwa kuti amatsitsa methemogulobini pang'onopang'ono popanda kudalira NADPH monga methylene blue, komanso podziwa kuti mlingo waukulu kwambiri wa mu mtsempha nawonso unaphwanyapo magazi a anthu a vutoli. Madzi a mu dripu ankayenda, mkodzo tikuuyeza kuchuluka kwake maola onse, ndipo mankhwala opha ululu amene amalemetsa impso tinawapewa. Tinawonjezera folic acid poti mafupa anali pa ntchito yaikulu. Ma ARV sanadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Magazi atatha kulowa hemogulobini inafika 8.3, mawa lake n'kutsikanso pa 7.9. Zimenezi tinkaziyembekezera. Dapsone amachedwa kutuluka m'thupi, theka lake limatenga tsiku lathunthu kapena kupitirira, ndiye kuimitsa mapiritsi sikuimitsa kusweka nthawi yomweyo. Amene sakudziwa zimenezi akhoza kuganiza kuti chifukwa chake chinali china n'kuyamba kufufuza kumene kulibe kanthu. Pa tsiku lachinayi mkodzo unayera, kachipangizo ka pa chala kanafika pa 95 popanda mpweya, creatinine inabwerera m'malo mwake. Anatuluka patatha sabata, hemogulobini ili 9.1.

Za chitetezo ku chibayo chija, Bactrim kunalibe kubwererako chifukwa cha mmene anawachitira, dapsone nayenso ayi. Tinakambirana ndi anzathu a kumene amalandirira ma ARV, anapeza mankhwala ena oteteza ku chibayocho otchedwa atovaquone, ndipo tinagwirizana kuti chachikulu ndi kuonetsetsa kuti ma ARV akugwira ntchito kuti chitetezo chikwere.

Kuyezanso

Tinawapatsa tsiku lobwera patatha miyezi inayi. Kudikiraku kuli ndi zifukwa ziwiri: maselo a wopereka magazi atheretu, ndiponso maselo a bambowa akhalenso osakanikirana, aang'ono ndi okalamba, monga zimakhalira masiku onse. Kawirikawiri miyezi itatu imakwana. Nthawi yonseyi anayenda ndi kakhadi kolembedwa kuti akuganiziridwa kuti ali ndi vutoli.

Ulendo uno tinatumiza magazi kukayezedwa ndi makina opereka nambala, osati ongonena kuti ilipo kapena palibe. Hemogulobini inali 13.0, ma reticulocyte atabwerera pansi pa 2 peresenti. G6PD inabwera 1.3 U/g Hb, pamene nambala yapakati ya amuna abwinobwino pa labu imeneyo ndi 8.0. Imeneyo ndi pafupifupi 16 peresenti. Tinabwerezanso mayeso a dontho pa magazi omwewo kuti ophunzira athu aone. Silinawale.

Anzanga ena afunsapo ngati panalibe njira yodziwira msanga. Njira zilipo. Kuyeza jini sikusokonezedwa ndi kusweka kwa magazi, ngakhale kuti si labu iliyonse imene ingachite. Ma labu ena amayerekeza G6PD ndi enzaimu ina imene nayonso imachuluka m'maselo aang'ono, monga hexokinase, n'kuona ngati zikukwera limodzi. Koma ngakhale popanda zonsezi pali mfundo imene aliyense angagwiritse ntchito: munthu amene enzaimu yake ilidi bwino, ma reticulocyte akachuluka G6PD yake imayenera kukwera kupitirira mlingo wa masiku onse. Ukaona nambala yongokwanira kapena yapansipansi mwa munthu wa ma reticulocyte ochuluka chotero, imeneyo ndi nambala yokayikitsa. Ndipo ikabwera yotsika pakati pa kusweka kwa magazi, ikhulupirire, kaya wodwalayo anathiridwa magazi kapena ayi, chifukwa zonse zosokoneza zija zimakankhira nambala m'mwamba, osati pansi.

Banja

Titawafotokozera zotsatira, bambowa anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa: "Ndiye kuti izinso ndawapatsira ana anga?" Munthu amene wakhala akulimbana ndi nkhani ya HIV mawu akuti kupatsira amamulemera, ndipo tinafunika kuyamba ndi kuwamasula pamenepo. Tinawauza kuti: "Bambo, awa si matenda opatsirana, ndipo sakukhudzana ndi kachilombo. Munabadwa nazo, munatengera kwa mayi anu, ndipo mwakhala nazo zaka 34 popanda vuto."

Jini ya G6PD ili pa kromozomu X, chimodzi mwa zinthu za m'selo zonyamula zimene timatengera kwa makolo. Mwamuna ali ndi X imodzi yochokera kwa mayi ake, choncho enzaimu yake imakhala yokwanira kapena yochepa, palibe zapakati. Mwana wawo wamwamuna analandira Y kwa iwo, ndiye sangatengere vutoli kwa bambo ake, ngakhale akhoza kulitengera kwa mayi ake. Ana awo aakazi awiri, onse analandira X ya bambo awo. Alongo awo aliyense ali ndi mwayi wa theka kapena kuposa wokhala nayo jiniyi.

Mwana wamkazi wamkulu titamuyeza ndi dontho, linawala. Makina a nambala anapereka 52 peresenti. Apa ndi pamene mayeso a dontho amalepheranso, pa chifukwa china. Monga Mary Lyon anafotokozera mu 1961, selo lililonse la mkazi limazimitsa X imodzi mwa ziwirizo mwachisawawa. Mkazi amene ali ndi jini imodzi yabwino ndi ina yofooka amakhala ndi magulu awiri a maselo ofiira, ena okhala ndi enzaimu yokwanira, ena osowa ngati a bambo ake. Nambala ya 52 sikutanthauza kuti selo lililonse lili ndi theka la enzaimu. Ikutanthauza kuti gawo lalikulu ndithu la maselo ake likhoza kusweka akakumana ndi mankhwala amphamvu. N'chifukwa chake mankhwala a malungo a tafenoquine, amene anavomerezedwa ku America mu 2018 ndipo amakhala m'thupi masabata angapo munthu atamwa kamodzi, saperekedwa kwa aliyense amene ali pansi pa 70 peresenti, ndipo amafuna mayeso a nambala, osati a dontho.

Pa kakhadi ka banjali tinalemba zopewa: dapsone, tafenoquine, primaquine wa masiku 14, methylene blue, rasburicase, nitrofurantoin, nyemba za fava, ndi timibulu toyera ta naphthalene timene anthu amaika m'zovala pothamangitsa njenjete. Tinalembanso zimene angamwe mosaopa, monga paracetamol pa mlingo wake, ma ARV awo ndi mankhwala a malungo a artemether-lumefantrine, chifukwa ndaonapo odwala atapatsidwa mndandanda wautali wa pa intaneti n'kuyamba kukana mankhwala aliwonse, ngakhale opulumutsa moyo. Ifenso achipatala tisachite mantha opitirira. Primaquine wa mlingo wochepa womwa kamodzi, 0.25 mg pa kilogalamu, bungwe la WHO linanena mu 2012 kuti akhoza kuperekedwa popanda kuyeza G6PD. Tinawauzanso kuti matenda wamba otentha thupi akhoza kuyambitsa kusweka kwa magazi popanda mankhwala aliwonse, choncho mkodzo ukada kapena maso akachita chikasu asadikire masiku asanu monga zinachitikira ulendo uja.

Mlongo wawo wina anali woyembekezera pa nthawiyo, ndipo anabwera yekha kudzafunsa. Nambala yake inali yapakatikati. Tinalemba m'buku lake la sikelo kuti mwana akabadwa ayezedwe bilirubini m'masiku oyambirira ndipo asafulumire kutulutsidwa, popeza chikasu cha makanda ndi njira imodzi imene vutoli limaonongera ubongo wa mwana mwakachetechete. Anabereka mwana wamwamuna. Pa tsiku lachitatu bilirubini inafika pa mlingo wofuna chithandizo, anamuika pa nyali masiku awiri, ndipo anatuluka ali bwino. Atayezedwa pambuyo pake, G6PD yake inali yochepa.

Bambo aja tinawaona komaliza patatha chaka. Kachilombo sikankaonekanso m'magazi, CD4 inali itadutsa 300, hemogulobini 13.4, ndipo mkodzo sunadenso.

Pa chipatala pathu nkhaniyi inasintha zinthu ziwiri. Aliyense amene akufuna kuyamba dapsone tsopano amayezedwa G6PD asanamwe piritsi loyamba, ndipo hemogulobini imayezedwanso m'sabata yoyamba ngakhale zotsatira zitakhala zabwino. Fomu yopemphera mayesowa tinaiwonjezera mafunso awiri: kodi wodwalayu wathiridwa magazi m'miyezi itatu yapitayi, ndipo kodi magazi ake akusweka panopa? Yankho likakhala inde pa limodzi mwa awiriwa, a labu amalemba pansi pa zotsatira zabwino kuti sizikuchotsa vutoli ndipo ayezedwenso patatha miyezi itatu. Fomu ikabwera mafunsowo asanayankhidwe, amaimba foni ku wodi asanayambe kuyeza.